Chitsekerero Chimodzi pa Munda Nambala 14

Ku Kapelula mukafunsa za a Lameki Mphepo, aliyense akulozerani nyumba ya njerwa zootcha imene ili m'mbali mwa njira yopita ku tchalitchi, ndipo asanatsitse chala awonjezera kuti, "Amenewo ndiye achilungamo." Mbiri imeneyi sadaitole panjira ayi. Adaikhetsera thukuta zaka makumi atatu, ndipo pofuna kuisunga adatsala pang'ono kusamutsa mlamu wawo pamudzi.

Sukulu adalekeza Sitandade 7, bambo awo atamwalira. Adapita ku esiteti ina ya ku Chisemphere kukasankha fodya wa bale, ndipo dzina lawo lidamera kumeneko. Anzawo podinda belo ankaika masamba abwino kunja, fodya wowola n'kubisa pakati. A Lameki ankakana. "Chikomekome cha mkuyu chimenecho, m'kati muli nyerere," ankatero, n'kumasula belo lonse kuyambiranso. Anzawo ankawada nazo, koma bwana ankati belo lodindidwa ndi Lameki silifuna kutsegula. Atabwerera kumudzi ndi akazi awo a Feliya, adasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, alangizi nawo n'kuwaika kukhala mlimi wachitsanzo. Munthu wake ngwamfupi, wolankhula mofatsa, cholembera sichichoka m'thumba la malaya. Chilema chawo chidali chimodzi: sankapirira kusekedwa. Mukadawamenya mbama akadakukhululukirani tsiku lomwelo, koma kuwaseka, iii, ankadwala nazo sabata yathunthu.

M'chaka cha 2009, nthawi imene makuponi a fetereza wotsika mtengo adali nkhani ya pakhonde lililonse, kudabwera anthu a kafukufuku ochokera ku koleji ina ya zaulimi. Ankafuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi chimanga chikadzalidwa pamene padali mtedza chaka chatha, chimafunabe fetereza wochuluka bwanji? Funso lidali labwino, chifukwa thumba limodzi la kuponi ankagawana mabanja awiri, mwinanso atatu. Adasankha alimi makumi atatu, a Lameki ali m'gulumo, n'kukhoma zikhomo m'munda mwawo kuugawa patatu. Chigawo choyamba athire fetereza wokwanira, chachiwiri manyowa, chachitatu asathire kanthu, ngakhale phulusa.

Mkulu wa gululo adabwereza kawiri. "Chachitatuchi ndiye chofunika kwambiri, bambo. N'chimene chidzatiuze mphamvu ya nthaka payokha. Chikafa, chife, inu lembani basi."

Adawapatsa kope la chikuto cholimba ndi sikelo yopachika, n'kuzika chikwangwani cholembedwa kuti Munda Nambala 14. Tsoka lake, chigawo chachitatucho chidagwera m'mbali mwenimweni mwa njira ya ku tchalitchi ija.

Pofika Januwale zigawo ziwiri zidali biriwiri, koma chachitatu chidachita chikasu, timapesi towonda ngati udzu wofolerera. Lamlungu lina a Lameki akuchokera kopemphera, jekete ili pathupi, Baibulo m'khwapa, adapeza anthu ataima pamundapo. A Yobu, munthu wa pakamwa posatseka, adakweza mawu kuti ndi akumbuyo omwe amve.

"Akulu a mpingo, kodi chimangachi chikusala kudya? Mlimi wachitsanzo uja ndi ameneyu eti? Bwerani anthuni mudzaone chitsanzo!"

Anthu adaseka mpaka amayi ena kugwira m'nthiti. A Lameki adayesa kufotokoza za kafukufuku, koma ndani angamve za kafukufuku chimanga chili chikasu pamaso pake? Tsiku limenelo chakudya sichidalowe.

M'mawa mwake mame asanaume adalowa m'chigafa, momwe mudali fetereza wobereketsa wotsala pa kuponi ya a Feliya. Adatola chitsekerero cha botolo pansi n'kulunjika kumunda. Sadathire wambiri ayi, chitsekerero chimodzi pa phando, n'kukwirira ndi chala cha kuphazi. A Feliya adawapeza ali pamzere womaliza.

"Abambo a Chikhumbo, si pamene adakaniza anthu aja apa?"

"N'kamchere chabe aka. Sikangasinthe kanthu."

"Nanga m'kope mulemba chiyani?"

A Lameki adakwirira phando lomaliza n'kubwerera kunyumba. Tsiku lomwelo, pa mzere wofunsa za fetereza wa chigawo chachitatu, adalemba ziro wozungulira bwino ndi dzanja lawo lokongola lija.

Kamchere kaja kadasintha zinthu, kadasinthiratu. Nthaka imene yadya mtedza ikangolawa pang'ono imadzuka, ndipo patangopita masabata awiri a Yobu ankadutsa pamundapo ali chete. Pokolola, sikelo idaonetsa kuti chigawo chosathira chatsala pang'ono kufanana ndi chothira. Anthu a kafukufuku adadabwa, adajambula zithunzi, adawagwira chanza a Lameki. Chaka chachiwiri zikhomo zitasunthira pamtedza pena, a Lameki adati asiye kuthira, koma adaganiza kuti chikagwa chaka chino anthu aja afunsa kuti chaka chatha chidatheka bwanji. Adathiranso. Chaka chachitatu adathira osaganiza n'komwe.

Kafukufuku atatha padali msonkhano wotsanzikana pansi pa mtengo wa mango. Mkulu wa gulu uja adathokoza alimi onse n'kunena kuti, "Manambala amene mwalembawa sitikawatsekera m'kabati. Tikawaika pa intaneti, poyera, kuti aliyense wofuna awatenge n'kugwiritsa ntchito. Zikhala ngati nkhokwe yopanda chitseko. Maina anu sitilemba, tingolemba manambala a minda."

A Lameki adawomba nawo m'manja, mtima uli m'malo. Adali ataona mabungwe ambiri akubwera ndi makope, ndipo ankadziwa kumene makope amathera: m'kabati ya ofesi, chiswe n'kuchita phwando. Kunena zoona, munthu wa Mulunguyu ankadalira chiswe kuti chimufufutire tchimo. Za nkhokwe yopanda chitseko adangoti n'zolankhula za anthu ophunzira.

Tsono kuseri kwa munda wawo, malire ake mzere umodzi, kudali munda wa a Rute. Amenewa adali mkazi wa malemu Samsoni, mng'ono wawo wa a Lameki. Adachokera ku Ntchisi pa chitengwa, ndipo amuna awo atamwalira sadabwerere kwawo. Adatsala pamudzi ndi mwana wawo wamkazi Princess, ekala imodzi ya chimanga, kachigawo ka fodya ndi mbuzi zinayi. Pa khasu a Rute sankafuna wowadzutsa. Akamafika ena kumunda, iwo n'kuti atatha mizere isanu.

M'chaka cha 2013 bungwe lina la kutauni, limene silidapondepo ku Kapelula, lidatapa m'nkhokwe ija n'kusindikiza kapepala kolangiza alimi. Kadafika m'midzi mvula ili pafupi. Kadalembedwa kuti: Mukalima mtedza, chaka chotsatira chimanga chitha kubereka popanda fetereza. Umboni ndi Munda Nambala 14 wa ku Kapelula, zaka zitatu zotsatizana.

A Rute adabwera nako akuthamanga, chitenje chili m'manja. Adapeza a Lameki akukonza njinga pakhonde, a Feliya akusenda mtedza wambewu.

"Alamu, mwatchuka! Taonani, munda wanu uli papepala." Adapuma kaye, kenaka n'kutsitsa mawu. "Chaka chino thumba tagawana ndi amake Shalom, ndili ndi theka basi. Ndimati ndithire lonse ku fodya, chimanga ndidzale pamtedza paja popanda kanthu. Nthaka yanu ndi yanga ndi imodzi. Mukuti zitheka?"

A Feliya adasiya kusenda. Apa ndi pamene munthu amafunika kungotsegula pakamwa, mawu asanu okha, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma a Lameki adaona nkhope ya a Yobu, adamva phwete lija la panjira, adaona mpingo wonse ukutembenuka iwo akamalowa. Adayang'ana tcheni cha njinga.

"Mudaona nokha mmene chinkachitira chimanga chija, mlamu."

A Rute adapita akuseka. A Feliya adanyamula lichero lawo n'kulowa m'nyumba. A Lameki adadziuza kuti sadaname, poti mlamu wawo adaonadi. Adadziuza zimenezi kangapo tsiku limenelo, koma mtima sudavomere.

Chimanga cha a Rute chidamera bwino, chidafika m'mawondo, kenaka chidachita chikasu chomwe chija. Adakolola ndowa zowerengeka. Fodya amene adadya fetereza yense adakagwa mtengo ku okushoni. Mbuzi zidayamba kuchoka m'khola imodziimodzi. Njala itafika pakhomo, a Lameki ankamanga ndowa ya chimanga panjinga n'kukatula kwa mlamu wawo. A Rute ankagwada, kuwomba m'manja. "Mulungu akudalitseni, alamu. Pakadapanda inu tikadafa." Mawu amenewa ankawawotcha a Lameki kuposa mwano uliwonse, ndipo pobwerera njinga ankangoikankha, mphamvu zopalasira zitawathera.

Mukadati chaka chachiwiri anena. Ayi ndithu. A Rute adati cholakwa chidali chawo, adachedwa kupalira, ayesanso. A Lameki adati awauza mvula isanagwe. Mvula itagwa adati awauza Khirisimasi ikapita. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Chimanga chidachitanso chikasu, mbuzi yomaliza idapita, ndipo Princess, amene adali Fomu 2 ndipo aphunzitsi ankamutama pa masamu, adasiya sukulu n'kupita ku Kasungu kukagwira ntchito ya m'nyumba.

Mu Sepitembala 2015 a Rute adabwera kudzatsanzika. Adati alembetsa utenanti pa esiteti ina ku Chisemphere, lole yotenga matenanti ibwera Loweruka. Munda wa malemu Samsoni a Lameki aupereke kwa wina amene angauthe.

"Nthaka ilibe mlandu, alamu, poti yanu ikubereka. Oipa ndi manja angawa."

A Lameki utenanti ankaudziwa bwino. Adaona ndi maso awo anthu akulowa pa esiteti ndi mtolo umodzi n'kutuluka patapita zaka khumi ndi mtolo womwewo, msana utapindika. Adati, "Musafulumire, mlamu," koma chifukwa chake sadanene. A Rute adangoseka mwachisoni n'kumapita.

Lachitatu la sabata yomweyo padaima njinga yamoto pakhomo. Adatsika mtsikana wovala nsapato za matope, chikwama kumsana, chitsulo chokumbira dothi m'manja. Adagwada kupereka moni n'kunena kuti dzina lake ndi Olive, akuphunzira za nthaka, ndipo akufuna mwini wa Munda Nambala 14. A Feliya adayala mphasa.

Olive adatulutsa mapepala m'chikwama. "Bambo, kafukufuku uja sindidachite nawo, ndidali ku sekondale nthawi imeneyo. Manambalawa ndidangowatenga pa intaneti. Ndawabweretsa kuti eni akenu muwaone, poti adachokera m'manja mwanu. Koma pali chimene chandisowetsa mtendere. Minda makumi atatu yonse ikunena chimodzi: osathira kanthu, chimanga chimagwa. Wanu wokha ukunena zina. Mwina nthaka yanu ili ndi chinsinsi chimene chingathandize dziko lonse. Ndapempha kuti chaka chino alimi makumi anayi ayese njira yanu, ndiye ndimati nditengeko dothi."

A Lameki adayang'ana pepalalo. Ziro wawo uja adali pomwepo, katatu, tsopano wolembedwa ndi makina. Chiswe sichidamukhudze. Alimi makumi anayi!

A Feliya adabwera ndi madzi akumwa m'kapu, adapatsa mlendo. Kenaka adawerama, adaika chitsekerero cha botolo pamphasa patsogolo pa amuna awo, n'kunena mofatsa kuti, "Loweruka lole ikubwera, abambo a Chikhumbo." Adabwerera kukaima pakhomo, manja ali m'chiuno.

Mlandu suola. A Lameki adatola chitsekererocho ndipo adanena zonse: za a Yobu, za chigafa, za ziro. Mawu ankatuluka movuta ngati akukoka chitsa.

Olive adakwiya, nkhope idaonetsa. "Miyezi isanu ndi umodzi ndakhala ndikufufuza chinsinsi cha nthaka imeneyi, bambo." Adapuma mozama, kenaka adatsegula kope lake. "Fetereza wake uti? Chitsekerero chodzaza kapena chosefukira? Chimanga chidali chitafika pati?"

Pa zimenezi a Lameki sadaphonye kanthu. Ankakumbuka tsiku, mzere, ngakhale mvula imene idagwa mawa lake, chifukwa tchimo munthu saliiwala. Olive ankalemba mofulumira, ndipo atamaliza adapukusa mutu.

"Bambo inu! Chimene mudabisachi ndiye chimene aliyense akufuna. Chitsekerero chimodzi pa phando, pambuyo pa mtedza, chimanga n'kubereka chonchi? Mukadangolemba zoona, theka la thumba likadakwanira ekala yonse ya munthu wosauka."

A Lameki adawerama. Theka la thumba ndi limene mlamu wawo adali nalo, zaka ziwiri zonse.

"Ndiye mukafufuta?" adafunsa.

"Sitifufuta. Ndikalembera osunga manambalawa kuti pambali pa Nambala 14 aonjezere zimene zidachitikadi, kuti wotenga mawa asagwe m'dzenje lomweli. A bungwe la kapepala aja ndiwalemberanso."

"Nanga dzina langa?"

"Dzina silituluka. Koma kuno ku Kapelula ndani sadziwa Nambala 14?"

Lachinayi a Lameki adayenda mpaka pamalire a minda, adaima, n'kubwerera. Munthu amene adaulula kwa mlendo wa njinga yamoto adalephera kuwoloka mzere umodzi. Lachisanu masana a Feliya adawatengera jekete n'kuwapatsa m'manja. "Mukapanda kupita inu, ndipita ndine. Koma ndikatero musadzandifunse madzi osamba."

A Lameki adapeza a Rute pakhonde akumanga katundu. Miphika iwiri, mphasa yokulunga, khasu, zovala m'chitenje. Khola la mbuzi lidali pululu.

"Alamu, mwabwera kudzandiperekeza lero lomwe? Lole ndi mawa."

A Lameki sadakhale pampando umene adapatsidwa. Adakhala pansi pafumbi, jekete ili pathupi, n'kutulutsa chitsekerero m'thumba.

"Mlamu, ndidakunamizani. Chigawo chija ndinkathira fetereza. Zaka zonse zitatu, muyeso wake uwu, pa phando lililonse. M'kope ndidalemba kuti sindidathire. Tsiku lija mudandifunsa ndidaopa kusekedwa. Manja anu alibe mlandu. Mlandu ndi wanga."

A Rute adapitiriza kumanga mfundo ya chitenje. Adaimanga, adaikoka, adaimanganso kachiwiri. Atalankhula, mawu adali otsika kwambiri moti a Lameki adachita kusendera.

"Mukudziwa kumene ndinkapita ndikachoka kumunda? Ndinkaima panjira ya kumanda n'kumapepesa mng'ono wanu. Ndinkati, a Samsoni, mundikhululukire, munda wanu ndauwononga ndi ulesi. Zaka ziwiri, alamu. Ndinkadzuka nkhuku zisanatsike, kupalira katatu, n'kumadzitukwana ndekha. Inu mukubwera ndi ndowa panjinga, ine n'kumagwada."

A Lameki adalira. Mkulu wa mpingo, pafumbi, masana dzuwa likuswa mtengo. A Rute sadawatonthoze. Adatambasula dzanja.

"Bweretsani kuno."

Adalandira chitsekererocho, adachitembenuza, adachiyang'ana m'kati. Kanthu kochepa kokhala ndi dzimbiri m'mbali.

"Kameneka basi? Theka la thumba lija likadakwana?"

"Likadakwana, mlamu."

A Rute adamanga chitsekererocho pakona ya chitenje chimene adavala. Kenaka adakoka mtolo wa zovala n'kuyamba kumasula mfundo ija ndi mano.

"Lole ipite yokha. Munda wa a Samsoni ndilima ndine. Lamlungu mukanena zimenezi pamaso pa anthu, chifukwa si ine ndekha amene ndidawerenga kapepala kaja m'mudzi muno."

"Ndikanena."

"Sindinamalize. Mawa mukwere njinga yanu mupite ku Kasungu. Princess ali kwa anthu ena kuseri kwa msika, akuchapa zovala za ana a eni ake. Mukamutenge inuyo. Ndipo mukamuuze nokha chimene chidamuchotsa pasukulu, chifukwa mpaka lero amati mayi ake ndi aulesi."

Loweruka m'mawa lole ya matenanti idaima pamphambano, idaliza hutala katatu, n'kunyamuka ndi anthu ena. A Lameki adakumana nayo ali panjinga, fumbi lake lidawakuta jekete yonse. Sadaime kuti adzikunthe. Za Lamlungu, za a Yobu ndi phwete lawo, sizinkawaopsanso kwenikweni. Njira yonse ya ku Kasungu ankapalasa akusanja mawu oti akanene kwa mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi amene ankawaitana kuti bambo aakulu, ndipo adafika pamsika mawuwo asanawapeze.